Dzina Lanu pa Mabelo Anga

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ndine Lameki, mwana wanu uja munkati manja ake amathamanga kuposa mutu.

Kuno ku Simlemba tilipo. Mvula inachedwa koma inagwa bwino, ndipo chimanga cha kuseri kwa chulu chadzaza nkhokwe. Chigafa chanu chinagwa ndi mphepo. Chimene ndamanga ine chapendekeka ngati munthu woledzera, komabe fodya wauma bwino. Mbuzi yanu yakuda ija sinasiye kuba. Nkhani yaikulu ndi yakuti mlongo wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, ndipo akalira mudzi wonse umamva.

Tsiku lomutcha dzina, amalume a Chisale anamunyamula nati, "Iwe mwana, dzina watengali ndi loyera, silinathawepo ngongole ya munthu. Ulisamale." Azimayi analulutira. Ine ndinatuluka ngati ndikukaona njinga. Manyazi anandigwira, Amayi, chifukwa dzina limenelo ndakhala ndikulivala ine mobisa kwa zaka ziwiri.

Mukukumbukira ngongole ya feteleza imene ndinatenga ku kampani ya fodya muli moyo? Fodya atauma, mavenda anafika ndi ndalama m'manja, ine n'kuwagulitsa m'malo mopereka ku kampani. Ndinkadzitama kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu munangoti, "Wapamphunoyo akuyetsemulitsa." Ndinayetsemuladi. Ngongole sindinabweze, dzina langa linalowa m'gulu la anthu osabweza, ndipo banki iliyonse ikaona chitupa changa imandiyang'ana ngati galu walowa m'tchalitchi.

Mutamwalira, nambala yanu yogulitsira fodya inatsala, pamodzi ndi khadi lanu la ku banki limene ndinkakutapirani nalo ndalama mukudwala. Sindinauze ofesi iliyonse kuti mwatisiya. Ndikanalemba dzina langa pa mabelo, kampani ikanadula ngongole yake, ndiye ndinkalemba lanu. Inu muli m'manda, koma ku okushoni munkagulitsabe fodya. Chaka chatha kalaliki wolandira mabelo anati, "Mayi awa fodya wawo salakwika. Ali bwanji?" Ndinayankha kuti muli bwino, ndi miyendo chabe. Anati ndikupatseni moni. Moniwo ndakhala nawo mpaka lero, chifukwa ndinalibe nkhope yobwera nawo kumanda kwanu.

Mpongozi wanu Nabanda ndiye anandikokera ku banki ina ku Kasungu boma, atatopa ndi kundimva ndikubuula. Mayi wa kumeneko anandifotokozera za khadi la chikole. Umasiya ndalama zako kwa iwo, amazitsekera, kenako amakupatsa khadi logulira zinthu pa ngongole mosapitirira ndalama wasiyazo. Ukamabweza mwezi ndi mwezi osajomba, amauza a bungwe losunga mayina a angongole kuti munthuyu wayamba kusintha. Ukalephera, amatenga chikole chija.

Ndinaseka mpaka mlonda anacheuka. Ndinati, "Ndiye kuti ndizibwereka ndalama zanga zomwe, n'kumalipiranso chiwongoladzanja ndikachedwa?" Mayiyo sanaseke. Anati, "Bambo, pakadali pano munthu yekhayo amene angakukongozeni ndi inu nomwe." Ndinakumbukira kakhasu kaja munandisulitsira ndili wamng'ono, kamene munkati ndikasamala mudzandipatsa lalikulu. Bambo wa ana atatu, ndevu zayamba imvi, andibwezera pa kakhasu.

Khadilo ndinatenga. Ndimagulira ziguduli, ulusi wosokera mabelo ndi mafuta a njinga yamoto, basi. Mwezi ukamatha ndimagulitsa tomato wa ku dimba n'kukabweza, ndipo sindinajombepo. Ndinayamba kuyenda motukula mapewa. Koma chikole chimene ndinasiyacho ndi ndalama za fodya wogulitsa pa dzina lanu. M'thumba limodzi munali makhadi awiri, lina lochapira dzina langa, lina lodetsera lanu. Ndinkadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma ndinkati ndisiya chaka chamawa. Mawu a amalume aja ndiwo anandilanda tulo. Ndikamuona mwana wa Esinati ndinkalephera ngakhale kumuitana.

Mabelo a chaka chino ndadinda sabata yatha, ndipo ndalembapo dzina langa. Kampani idzadula ngongole yake, mwina sipadzatsala ngakhale ya nsapato za ana. Nabanda nditamuuza anakwiya tsiku lonse, kenako anati, "Chimanga chilipo, sitifa." Esinati ndinamuuza zonse. Analira, ananditukwana, ndipo mpaka pano akandiona amayang'ana kumbali. Sindikumudandaula.

Lolemba ndinapita ku banki yanu ndi kalata yotsimikiza za imfa yanu. Ndinaika khadi lanu pa tebulo. Mnyamata wa pawindo anafunsa kuti mwini wake ali kuti. Amayi, pamaliro anu sindinalire, ndinali wotanganidwa ndi bokosi ndi nkhuni, ndipo anthu ankanditama kuti ndine wolimba mtima. Koma pamenepo, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ndinangoyankha monong'ona. Ndinati, "Mayi anga anamwalira." Anati ndikweze mawu. Ndinabwereza, ndipo misozi inatsika mpaka m'kolala. Anayang'ana tsiku la imfa yanu, nayang'ana masiku amene ndalama zinkatapidwa, kenako anandiyang'ana ine. Anati nkhaniyi ipita kwa akuluakulu awo ndipo adzandiitana. Chimene adzandichite sindikuchidziwa, ndipo ndili ndi mantha.

Ndikhululukireni. Munagwira ntchito moyo wanu wonse, ine n'kukulimitsaninso zaka ziwiri muli m'manda. Tsopano pumulani. Akandiitana ndidzapita ndi miyendo yanga, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzayankha pa dzina langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki