Vinyo wa Pankhukundembo

Dundee, New York
30 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Wendell,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Arizona pamodzi ndi alamu. Kuno chisanu chayamba kuluma, ndipo ine ndikulemba ndi mtima wowawa, choncho mundipirire.

Mukudziwa kuti chaka chilichonse pa Tsiku Lothokoza amayi amawotcha nkhukundembo, ine n'kusankha vinyo. Chaka chino ndinachita kulumbira kuti patebulo pakhala wakuno kwathu yekhayekha, chifukwa alamu a Curtis, amuna a mng'ono wathu Joanne, anditopetsa ndi mabotolo awo a ku California. Sabata yonse ndinazungulira minda ya mphesa ya anzathu opanga vinyo m'mbali mwa nyanja. Nyama ya nkhukundembo ndi youma, imafuna vinyo wopepuka, wowawasa pang'ono, osati waukali womeza kukoma kwa chakudya. Ndinatenga woyera kwa anzathu a Hostetler, wofiira ndinatenga wathu womwe, uja bambo amanyadira wa chaka cha 2019.

Tsopano ndinene chimene ndabisa miyezi isanu ndi iwiri. Achimwene, mphuno yanga inafa. Chichokereni chimfine cha mu Epulo sindimva fungo lililonse, khofi, utsi, ngakhale la mwana wanga yemwe. Vinyo mkamwa mwanga ali ngati madzi ozizira owawasa basi. Kwa a Hostetler ndinkangopukusa tambula, kununkhiza, kugwedeza mutu, ndikusankha zapamtima. Munthu amene bambo akufuna kumusiyira migolo yonse mu Januwale ndine ameneyu!

Lachinayi, Tsiku Lothokozalo, tinakhala patebulo anthu khumi ndi mmodzi. Woyera uja anayenda bwino, mpaka azakhali a Doreen anapempha wina. Ndinalimba mtima, ndinatsegula wofiira, ndinathirira aliyense. Kenaka ndinaimirira ngati mlaliki.

"Tamvani fungolo," ndinatero. "Zipatso zakupsa zokhazokha. Uyu ndiye mnzake wa nkhukundembo, osati zoitanitsa kutali zija."

Anthu ananunkhiza. Joanne anayang'ana mbale yake. A Curtis anabweza tambula pansi pang'onopang'ono.

"Alamu, zipatso zanuzi zinapsera mu katoni yonyowa kapena?"

"Curtis, tadya nyama," anatero Joanne.

"Ayi, ndikungofunsa. Mwina ndi kakomedwe kakuno, ife alendo sitikudziwa."

Botolo linali lowonongeka, achimwene. Chotsekera chinachita chuku, fungo lake ngakhale mwana akanalimva ali pakhomo. Ine ndili chiimire, tambula m'manja, ndikumwetulira ngati chitsiru.

Ndiye bambo ananyamula tambula yawo, anamwa yonse mpaka pansi, n'kupukuta pakamwa.

"Ali bwinobwino," anatero. "Doreen, tandipatsira mbatata."

Bola akanandikalipira. Munthu amene anathira pansi mgolo wathunthu chifukwa cha kafungo kamene ife tonse sitinakamve, lero akumwa chuku pofuna kundiphimba! Ndinathawira kukhitchini, ndinatsuka miphika imene inali yotsuka kale.

Dzulo masana ndinawalondola bambo kumunda, akukwirira masinde a mphesa kuopa chisanu. Ndinawauza zonse. Sanaleke n'komwe ntchito.

"Ndinadziwa mu Ogasiti," anatero. "Unadutsa pa mgolo umene unayamba kusasa, osatembenuka."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Nanga iwe unanena?"

"Amayi akudziwa?"

"Mayi ako ndi amene anayamba kuona. Unapsereza buledi uli pompo."

Mwaona? Nyumba yonse imandionerera ndikuvina, aliyense ali chete poti asandipweteke. Migolo yonse imene ndinkalawa, bambo ankabwera pambuyo panga n'kulawanso mwakachetechete. Ndinakwiya, ndinawalankhula mawu amene sindingalembe pano. Iwo anangotsamira fosholo.

"Ukalipe, Lorraine, koma umve izi. Yanganso mphunoyi ikutha. Zaka makumi asanu ndi awiri si masewera. Botolo lija ndinalimva pokhapokha Curtis atalankhula."

Tinaima m'mundamo anthu awiri, migolo makumi anayi ikudikira kusakanizidwa mu Januwale, popanda mmodzi wodziwa ngati muli vinyo kapena viniga.

Adokotala akuti fungo likhoza kubwerera, likhozanso osabwerera. Andiuza kuti ndizinunkhiza mandimu ndi maluwa m'mawa ndi madzulo, ndipo ndikuchita, ngakhale ndikudziona ngati wamisala.

Ndikudziwa munachoka kuno mutalumbira kuti simudzagwiranso mphesa, ndipo sindikuiwala zimene munayankhulana ndi bambo tsiku lija. Koma mphuno yabwino m'banja muno inapita ndi inu kukagulitsa matayala m'chipululu. Sindikupempha kuti mubwerere. Ndikupempha masabata awiri okha. Ine ndikudziwa mgolo uliwonse ndi mbiri yake, inu muzidzangonunkhiza n'kundiuza zoona, poti kuno zoona zasowa wozinena kupatula a Curtis.

Mundiperekere moni kwa alamu a Marisol ndi ana. Amayi akupereka moni, akuti chipinda chanu sanaikemo katundu. Joanne akuti mumuyimbire. Bambo sanapereke moni. Atandiona ndikulemba anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anati ndikuuzeni kuti mu Januwale kuno kumazizira, musaiwale jekete.

Ndine mlongo wanu,
Lorraine