Zimene Galimoto ya Mai Mazira Inaiwala

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha. Malata a galaja akuchita kulira okha.

Yabwera galimoto ya Mai Mazira, yokankhidwa ndi anthu kuchokera kumsika. Yakale, yoyera, chitseko chakumbuyo chomanga ndi chingwe. Amaperekera mazira m'magolosale, dzina lawo lenileni ngakhale Ababa salidziwa. Akuti m'mawa imalira bwinobwino. Ikayenda nkutentha, akangoizimitsa pa golosale, basi. Sitata imazungulira, injini osagwira. Kudikira mpaka izizire, mazira ali padzuwa. "Tsiku lina ndidzanyamuka ndi mazira nkukafika ndi anapiye," anatero. Anthu anaseka. Ine maso pansi.

Ntchito yanga ndi ija ya masiku onse. Ababa ali ndi ng'ala maso onse awiri, chaka chachitatu chino. Makutu ndi manja ndi awo, maso ndine. Amandiitananso choncho: "Maso, tabwera." Ndimatsegula kabokosi kakuda ka pansi pa boneti, kulumikiza mabowo awiri ndi kawaya kathu kopinda, kukhala pa mpando wa dalaivala, kupotoza kiyi pang'ono osaliza. Kanyali ka injini kamayamba kuphethira, ine kuwerenga. Kuphethira koyamba ndi makumi. Kakapuma nkuyambanso, ndi imodziimodzi. Nambala imene yatuluka ndiye dandaulo la galimoto. Zakalezi zimalankhula choncho, makina a masiku ano sazimva.

Lero kanyali kanangophethira mofanana, osapuma. Kutanthauza kuti palibe vuto. Bodza. Titafunsa zinadziwika: amakaniko akumsika anachotsa batire poyesa ina, nkubwezeramo yomweyo. Ababa anatukwana mawu amene sindingalembe. Lamulo loyamba limene anandiphunzitsa ndi limenelo: usachotse batire usanaifunse galimoto. Ukachotsa imaiwala zonse.

Pofika kuno inali itazizira kale. Ababa atapotoza kiyi inalira kamodzinkamodzi, ngati ikutiseka.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ababa akuti ndi pampu ya mafuta. Anagona pansi, khutu pa thanki. Akuti ikulira mofooka. Ine ndinaimva ikulira ngati mapampu onse.

Ndinakumbuka galimoto ya mbusa wina chaka chatha. Matenda omwewa. Kanali kakoyilo ka mkati mwa disitibyuta, kamene kamauza kompyuta kuti injini ikuzungulira, tumizani moto. Waya wake ngati tsitsi. Ukatentha umalekana, ukazizira umagwirana. Anandiphunzitsa ndi iwowo. Ndinanena chapansipansi, ndikupukuta sipanala. Yankho: "Iwe werenga nyali. Kuganiza undisiyire."

Masana Azakhali. Perefyumu kununkhira mpaka kuseri kwa matayala. Anakana kukhala, akuti mpando uli ndi girisi. Abwera ndi nkhani: madokotala a maso awapatsa Ababa tsiku, Lachiwiri likubwerali. Akagona kwa Azakhaliwo, ndi kufupi ndi chipatala.

Ndinasangalala. Ndithu ndinasangalala.

Kenako anawonjezera, ine ndili pomwepo ngati jeke: "Achimwene, mukangoona, mtsikanayu ndikumutenga. Mpongozi wanga wabereka mapasa, pakufunika manja. Mtsikana wamkulu chonchi kumanunkha petulo, adzamukwatira ndani, thirakitala?"

Ababa anaseka. "Tiona," anatero.

Sanakane.

Loweruka, 11 Okutobala

Mai Mazira anabweranso, thukuta kamukamu. Akupereka mazira pa njinga zaganyu, akuti theka amafika ataswekasweka. Ababa akuti adikire iwo abwereko kuchipatala, pakali pano azisaka ndalama ya pampu. Maiwo anangogwira m'chiuno nkupuma mwamphamvu. Ndinafuna kuwatsatira pa geti, kuwauza kuti asathamangire pampu. Ndinangotsala m'galaja. Pakamwa panga ndi chitseko cha dzimbiri.

Sopo watsala kachidutswa. Magetsi anapita m'mawa, abwera madzulo.

Ndimapemphera kuti Ababa aone. Koma pansi pa pempherolo pali kena kakuda kamene sindikufuna kukayang'ana. Mwana wotani ine?

Sukulu ndinalekera Sitandade 7, Amayi atagona pa mphasa. Ndinawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa, mpaka tinawaika. Palibe anandifunsa. Kenako nyumba zii, ine ndi mbale. Maso a Ababa atayamba chifunga, tsiku lina anangoti, "Tabwera undionere ichi." Kuyambira pamenepo. Kuno sindifunika kulankhula ndi anthu. Galimoto siindifunsa chifukwa chake ndili chete. Imaphethira, ine ndimamva. Ndikatchula nambala Ababa amagwedeza mutu ngati ndanena chinthu chanzeru.

Matewera a mapasa alibe nambala.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Apita m'mawa. Malaya a ku tchalitchi, kolala ndinawakonzera ndine. Pa geti anandipapasa kumaso ndi chala chawo chokhakhala chija, nkundipatsa makiyi. "Usakhudze kanthu. Kusesa basi."

Ndasesa. Ndasesanso.

Galimoto ya Mai Mazira ili pakona, yandiyang'ana tsiku lonse.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndakhudza.

Dzuwa lili paliwombo ndinailiza, boneti yotseka, ndinaisiya ikulira pabwalo mpaka chitsulo chosagwirika. Ndikuopa kuti wowotcherera zitsulo wa mpanda winawo amva nkukanena. Mafuta a eni ake akupsa. Ndinazimitsa. Kudikira pang'ono, monga munthu wotsitsa mazira pa golosale. Kupotoza kiyi.

Yakana!

Sitata ikuzungulira mwamphamvu, ndiye si batire. Pampu ndinaimva ndi makutu angawa, ng'ii, bwinobwino. Singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ili gone, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndinazula chingwe cha pulagi, kuikapo pulagi yakale, kuigoneka pa chitsulo pamene ndingaione ndili pa mpando. Moto palibe.

Kawaya m'mabowo. Kanagwa kawiri. Kanyali: kamodzi. Kupuma. Kawiri. Ndinadikira kabwereze. Kamodzi, kupuma, kawiri. 12. Kompyuta ikuti sindikumva kuti injini ikuzungulira.

Ndinanyowetsa chiguduli, kukulunga disitibyuta, kukhala pansi pa tayala. Patapita kanthawi, kiyi. Yalira.

Ndinaseka ndekha mokweza mpaka ndinachita manyazi, kulibe munthu.

Sindikonza. Kakoyilo kena ndilibe, komanso sindikufuna. Nambalayo ikhale mmenemo, isungike. Abwere aione okha ndi maso awo atsopano, kanyali kawauze zimene pakamwa panga pamalephera. Akaona, sangandipereke kwa Azakhali. Munthu sapereka sipanala imene ikugwira.

Loweruka, 18 Okutobala

Foni ya Azakhali. Diso lakumanja alichita, linalo adzachita mtsogolo. Atachotsa bandeji, Ababa anawerenga wotchi ya pakhoma, nkuyamba kulira ngati mwana. Akuti anafunsa kuti nkhalamba ili pagalasiyo ndi ndani.

Inenso ndinalira. Misozi yamitundu iwiri, yotuluka m'maso amodzi.

Ndayesa kutsuka manja. Sopo, mchenga, ngakhale mandimu. Zakuda za m'zikhadabo sizichoka, zinalowa kale m'khungu. Iwo manja awa sanawaonepo chiyambireni ntchito. Amangowamva akuwapatsira sipanala.

Pa mitu ya batire ya Mai Mazira pali ufa woyera wa asidi, wambiri ndithu, wonyansa. Dzanja linanyamuka kuti ndipale. Ndausiya dala. Kupala nkuchotsa chingwe, kuchotsa chingwe nkufufuta 12 wanga.

Ndakhala ndikuyeserera mawu, ndikusesa. Ababa, khalani pa mpando muone. Ababa, ndinaitenthetsa. Ababa, pepani ndinakhudza, koma taonani. Achitatuwa ndiye abwino.

Lolemba, 20 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Anafika m'mawa ndi Azakhali, magalasi akuda kumaso. Anayenda okha kuchokera pa geti, osagwira phewa langa. Phewa linachita kuzizira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Wakula. Nkhope ya mai ako." Kenako maso anatsikira m'manja mwanga. Ndinawabisa kumbuyo, mochedwa. "Manja a mwana wanga awa? Ndakulakwira." Azakhali: "Si ndinanena, achimwene?"

Anazungulira galaja yonse ngati mlendo. Chilichonse chowanyansa. Akangaude, zitini, khoma lakuda. "Ndimakhala m'khola chonchi?" Mawu anga aja ali pakhosi, okonzeka. Ndinatsegula pakamwa, Azakhali nkuti, "Iwe, bambo ako achoka kutali, tiyi."

Ndinapita. Madzi anachedwa kuwira. Makala onyowa.

Pobwera ndi thireyi, boneti ili yasa. Ababa akuimba kamluzu, sipanala yaing'ono m'manja, chingwe cha batire chili lende. Akupala ufa uja ndi msuwachi wawaya, mosangalala, ngati mwana wapeza chidole chake chotayika. "Taona nyansizi! Zaka zitatu anthu akundibweretsera zotere ine osaona."

Iwo amene. Mwini lamulo.

Makapu sanagwe. Ndinawaika pansi bwinobwino, sindikudziwa bwanji.

Anabwezera chingwe, anatenga kawaya, analowetsa okha m'mabowo, anakhala pa mpando wanga. Kanyali phethi, phethi, phethi, mofanana. Kiyi. Injini yozizira, ikanalekeranji kulira. "Wamva? Linali dothi la pa batire basi. Ngakhale pampu ndinainamizira. Maso ndi maso."

Ndinanena. Mulungu ndi mboni, ndinanena. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mbewa: Ababa, munali 12, ndinaitenthetsa Lachinayi. Anacheuka. "Ndinati usakhudze." Kenako mofatsa, zimene zinapweteka koposa: "Nyali ikuti palibe. Ndikhulupirire diso langa kapena pakamwa pako?" Azakhali anaseka mpaka tiyi kutayikira. "Amakaniko aakazi atsutsana ndi galimoto!"

Ndikanati tiitenthetsenso muone. Mawu ochepa chabe. Ndawapeza tsopano, ndili pa bedi.

Lachitatu, 22 Okutobala

Mai Mazira anatenga galimoto yawo dzulo m'mawa, kukadali kozizira. Kuvina pabwalo, kuti ya pampu yapulumuka. Anasiya thireyi ya mazira. "Madala, diso limodzi lokha mwachita zotere, akakutsegulani linalo mudzaukitsa akufa!" Ine ndinawatsegulira geti. Anandiuza kuti ndizidya, ndaonda.

Mazirawo sindikudya.

Dzulo ndi lero kwachita mitambo, kamphepo. Galimoto ikuyenda ndithu kwinakwake, ikundinamiza pamaso pa anthu.

Ababa ndi munthu wina. Amadzuka mbandakucha, kupenta khoma, kusanja masipanala mwa ukulu wake. Ndimawayang'ana ndipo ndimakondwa, ndiye ndimadana nako kukondwako. Kwabwera kagalimoto ka aphunzitsi, awerenga okha kanyali, nkutchula nambala mokweza, kaya amauza ndani. Chibwerereni sananditchule Maso. Ndine "iwe". Iwe tiyi, iwe madzi, iwe usanyamule zolemera.

Akuganiza kuti akundichitira zabwino. Anauza wowotcherera, ine ndikumva: "Mwanayu ndinamudyera unyamata wake. Apite akakhale ngati anzake." Sanandifunse. Kulowa sanandifunse, kutuluka sanandifunse.

Azakhali akuti Loweruka. Andigulira mafuta odzola m'manja.

Lachisanu, 24 Okutobala

Chikwama cha Amayi, zipi yake yofa. Madiresi, nsapato za ku tchalitchi, Baibulo. Ovolosi ndaipinda, ndaisiya pa msomali. Inali ya Ababa kale, ndinangopinda miyendo.

Kawaya ndatenga. Kanali pa shelefu, ndinakaika m'thumba la diresi. Kuba kapena ayi, kaya. Kanapindika potsata zala zanga.

Mitambo yachoka. Mawa kutentha.

Loweruka, 25 Okutobala

Masana. Ndili m'chipinda, chikwama pamiyendo. Azakhali ali pa geti ndi galimoto yaganyu, hutala kawiri kale.

Ndipo yabwera. Ndinamva mapazi ndi kubuula kwa okankha ndisanaione. Pa zenera: yoyera ija, chitseko cha chingwe, mathireyi odzaza kumbuyo, dzuwa likuwaphika. Mai Mazira nsapato m'manja, sakuseka lero. "Madala, akufa anu aja afanso!"

Ababa apotoza kiyi. Sitata ikuzungulira, injini osagwira. Apotozanso. Atuluka, ayang'ana mitu ya batire yawo yonyezimira. Aima nthawi yaitali, dzanja pa chiuno. Sanakhudze chingwe. Ulendo uno akumbuka lamulo.

Ndimayesa ndidzakondwa. Palibe. Mkamwa mowawa basi.

Akufufuza pa shelefu. Zitini zikugwa.

"Iwe! Kawaya kanga kali kuti?"

Kawaya. Si ine, kawaya. Kali m'dzanja langali, katentha.

Koma waya ndi waya. Pansi pa galaja pali zidutswa mbwee, chilichonse chingalowe m'mabowo aja, ndipo iwo akudziwa zimenezo kuposa ine. Tsopano akuona, angotola. Nanga akuimiranji pakati pa bwalo, nkhope yaloza zenera langa?

Hutala kachitatu.

Akuitananso. Ulendo uno za kawaya sanatchule, ndipo sanati iwe. Ndikatuluka pakhomopa, geti ili kumanzere, galaja kumanja, ndipo pakamwa panga...