Ndinaitseka Pakamwa Modemu

Lolemba, 9 Malichi 1998

Kuno m'tauni ya Ruse chisanu sichinathe. Modemu yolumikizira kompyuta ku foni, yochokera kwa mwana wanga Lyuben, yafika, waibweretsa ndi mnzake. Kabokosi kotuwa, timagetsi tofiira. Pakapepala mizere iwiri: "Bambo, ndakulemberani kalata. Lumikizani kompyuta ku foni muiwerenge."

Miyezi isanu ndi iwiri chipitire ku Canada, mwana wanga osaimba ngakhale kamodzi. Chifukwa ndikuchidziwa. Pa siteshoni paja ndinamuuza kuti wothawa kwawo asadzabwerenso.

Velichka akuti tiitane wodziwa. Wodziwa uti? Zaka makumi atatu ndikukwera mapolo a foni m'tauni muno. Mkazi wanga amaiwala msanga.

Lachiwiri, 10 Malichi

Pa kompyuta: NO DIALTONE. Ati sikumva kulira kwa laini. Inazolowera kaliridwe ka ku America, kathu ikukayesa phokoso wamba. Ndailamula kuti iziimba osadikira.

Lina: imaimba ndi timalikhweru, pomwe makina athu okalamba olumikiza mafoni ku positi amangomva kugogoda, ngati foni yozungulitsa ndi chala. Ndasintha. Ndawonjezeranso liwiro la kugogodako, poti ndine katswiri. Velichka akuti phokoso likumupweteketsa mutu. Ndaitseka pakamwa modemuyo ndisanayese n'komwe. Izingolemba zimene yapeza, isalire.

Lachisanu, 13 Malichi

NO CARRIER. Kutanthauza kuti yaimba koma sinapeze makina anzake. Masiku anayi, 4 koloko madzulo, ndikadzuka ku tulo ta masana. Kakhumi, kakhumi ndi kawiri, mawu omwewo.

Ndatukwana a ku positi. Ndatukwana America. Ndatukwana chinyezi cha mtsinje wa Danube. Velichka, akusenda mbatata: "A katswiri, kalata yobwera pa bulu ikanafika kale."

Ndikuopa. Kalatayo ili penapake m'mawayamu ndipo sindikudziwa ngati wandikhululukira.

Lamlungu, 15 Malichi

Velichka wapita kwa mng'ono wake. Ndaitsegula pakamwa modemu ija kuti ndimve ndekha.

Kugogoda. Kuitana kamodzi kokha. Kenako mawu a munthu, mayi wachikulire, ali wefuwefu ngati wathamangira foni.

"Alo? Boyan, mwanangu, ndiwe eti? Ndikudziwa ndiwe. Ngati manyazi akukukanikitsa kulankhula, palibe kanthu. Uzingoimba. Ndimakhala pompano 4 koloko."

Ndazula waya.

Ndalizindikira vuto, ndipo vutolo ndine. Modemu ikugogoda mothamanga, makina a ku positi akuphonya kugogoda kumodzi. Nambala yothera 8 akuiwerenga 7. Izi ndinkaphunzitsa anyamata atsopano ku ntchito. Pafupifupi sabata yathunthu ndakhala ndikuimbira mayi wa eni, osalankhula, modemu n'kumangondilembera NO CARRIER.

Lolemba, 16 Malichi

Ndabweza liwiro pomwe linali. Kuyesa kamodzi: CONNECT.

Kalata yonse: "Bambo, ndili bwino, ndapeza ntchito. Za pa siteshoni ndinaiwala. Modemuyo musaisinthe zambiri, ndimakudziwani."

Ndaseka, kenako ndalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti Velichka asamve. Wamva. Waphika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi chija.

Lero 4 koloko foni ya mayi uja sinalire.

Lachitatu, 18 Malichi

Kalata yachiwiri ya Lyuben, yaitali. Ndaiwerenga katatu. Chakudya sichikulowa.

Ndamuuza Velichka za mayi uja. Iye akuti: "Tsvetan, inu wanu mwamupeza. Wa mayiyo mwam'tenga."

Masiku atatu tsopano ali pafupi ndi foni yosalira. Ndikamuuza zoona, ndiye kuti Boyan sanaimbepo ngakhale kamodzi. Ndikapanda kumuuza, aziti wasiya.

Yatsala mphindi imodzi kuti ikwane 4. Modemu ndaizula. Foni yakale ija ili pamiyendo, ndazungulitsa manambala ena onse ndi chala changa. Yatsala yomaliza yokha, 7 wa mayi uja. Sindikudziwa kuti ndikati alo ndinena chiyani.