Pasipoti Yopitira kwa Apongozi

Lolemba, 6 Malichi 1978

Mwana wabadwa. Wamkazi. Anabadwa Loweruka, koma uthenga wafika lero chifukwa mlamu wanga Ambokile amadikira kuti mtsinje wa Songwe uphwereko. Wandipeza ndikuphunzitsa Sitandade 6 za malire a dziko lathu. Anaima pawindo, thalauza lili chonyowa mpaka m'chiuno, n'kundipatsa moni wa Chinkhonde, "Mwaghona, mulamu. Lero mwakula." Ana ndinawasiyira mapu kuti ajambule, ine n'kukalira kuseri kwa ofesi ya ahedi.

Mkazi wanga Yunike ali bwino. Mwanayo akuti watenga makutu anga. Pepa mwanawe.

Vuto ndi limodzi. Yunike anapita kukachirira kwa amayi ake, poti ndi mwana woyamba, ndipo amayi akewo amakhala kutsidya kwa mtsinje. Ku Tanzania. Ndikakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, utsi wa pakhomo pawo ndimauona bwinobwino.

Lachiwiri, 7 Malichi

Mawu a apongozi, kudzera mwa Ambokile: mwana sachoka pakhomo pawo mpaka bambo wake abwere, amunyamule, amutche dzina. Ubatizo uli pa 9 Epulo kutchalitchi kwawo konko. Ndikapanda kufika, amalume ake a Yunike amutcha okha.

Dzina ndili nalo kale, la amayi anga amene anatisiya chaka chatha ku Dowa. Ndinafuna kumupatsira Ambokile, koma wakana. Akuti apongozi ananeneratu kuti dzina si shuga woti n'kutumiza pa bwato.

Iye akuti tingowoloka m'mamawa, ationa ndani? Zoona, anthu a kuno amawoloka tsiku lililonse, ena kukalima, ena kukapempha moto. Koma iwo sagwira m'boma. A Zebedee, mlangizi wa mpunga uja, anawoloka chaka chatha kukadya ukwati. Atabwerako, pakhomo pawo panafika galimoto. Njinga yawo ikadali pakhonde mpaka lero, matayala anaphwa.

Ndipita mwa lamulo.

Lachinayi, 9 Malichi

Wantchito wa boma satuluka m'dziko popanda chilolezo. Kalata iyambira kwa ahedi, ipite ku Boma, kenako ku Lilongwe, ibwererenso njira yomweyo.

Ahedi anandifunsa kuti kunjako ndikukatani. Ndinati kukaona mwana. Anati kunja kwake kuti? Ndinawalozera pawindo. Anadzuka n'kutseka windolo, kenako n'kusaina.

Lolemba, 13 Malichi

Ku Boma, pamwamba pa lole ya matumba. Kalaliki ndi munthu waulemu kwambiri. Zofunika: mafomu a pasipoti, zithunzi zosainidwa kumbuyo ndi abusa, khadi la chipani la chaka chino, kabuku kachikasu ka katemera, ndi chilolezo chija. Zonsezi zipita ku Blantyre. Ndinafunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji. Anati zimatengera.

Wojambula zithunzi ali ndi jekete limodzi ndi tayi imodzi za aliyense. Munthu amene ananditsogolera anali msodzi, ndipo jeketelo linali kuchitira umboni. Wojambulayo anandiyang'ana m'khosi kuona ngati tsitsi lafika pakolala, ananditumiza kaye kwa wometa pansi pa mtengo wa mango. Pachithunzipo ndikuoneka ngati munthu amene akufunidwa ndi apolisi, makutu ali pamtunda.

Pafomu pali funso la njira ya ulendo: ndege, sitima ya pamadzi, sitima ya panjanji, galimoto. Bwato palibe. Kalaliki anati ndisankhe choyandikirako. Ndachonga sitima ya pamadzi.

Za viza akuti sakudziwa ngati ikufunika. Woti n'kufunsa ndi ofesi ya dzikolo, koma m'dziko muno mulibe. Mwina ku Lusaka. Ku Lusaka kumafunika pasipoti.

Lachitatu, 15 Malichi

Katemera wa kolera. Mkono watupa, choko ndikulembera kumanzere. Ine ndi apongozi timamwa madzi a mtsinje umodzi, koma nesi akuti lamulo ndi la opita kunja.

Loweruka, 18 Malichi

Sajeni Morton wa kupolisi, mnzanga wa pa bawo, wa kwawo ku Mulanje, wabwera masana. Bawo sanalikhudze. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Achimwene, mwalemba ndi dzanja lanu kuti mukufuna kupita kutsidya?"

Ndinati eya, mwa lamulo.

"Mukanangowoloka, mwina ine tsiku limenelo ndikanakhala ndikudwala maso. Koma pano dzina lanu layenda m'maofesi. Andiuza kuti ndizikuyang'anirani."

Ndiye kuti mwezi watha ndinali mphunzitsi chabe. Lero ndine mphunzitsi amene akufuna kupita ku Tanzania, ndipo ndinasaina ndekha, m'makope atatu. Tiyi anamwa, shuga anathira wambiri monga mwa masiku onse.

Ndilembe pano, kuchitira wina angadzawerenge kabuku kano: m'dziko muno muli bata ndi mtendere, ndipo ine ndilibe dandaulo.

Lachitatu, 22 Malichi

Palibe yankho. Ambokile akuti mchombo unagwa kale, mwana akuyamwa ngati alipira. Kumeneko akungomutchula kuti Kamwana.

Lamulungu, 26 Malichi. Pasaka

Tinapangana kuti titatuluka m'tchalitchi ndikaime pagombe, Yunike abwere naye mwana kutsidyako. Sajeni anandiperekeza. Akuti amangoyenda kuwongola miyendo, mu yunifolomu.

Madzi anali ofiira, aphokoso. Yunike anatulukira m'nthochi atavala chitenje chobiriwira chimene ndinamugulira pa Khirisimasi. Anakweza kanthu kokutidwa m'nsalu yoyera. Ndinaona nsalu. Anafuula mawu ena, mtsinje n'kuwatenga. Ine ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu amene akudziwa yankho.

Zinandiwawa kwambiri. Sindinaganizepo kuti munthu ungasowe chonchi mwana amene sunamuonepo nkhope. Sajeni anayang'ana nsapato zake nthawi yonseyo.

Pobwerera Ambokile amandionetsa mmene mtsinje umazungulirira mudzi wawo. Umapita uko, n'kukhota, n'kubwereranso, kusiya kakhosi kakang'ono kumtunda. Akuti munda wa malemu bambo ake unali ku Malawi iye akubadwa, unapita ku Tanzania chaka cha dzombe, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Ndinamuuza kuti pa mapu sizili choncho. Anati mapuwo sanawolokepo Songwe.

Lachinayi, 30 Malichi

Mafomu abwerera. Pa malo olemba keyala ya kumene ndikupita ndinalemba kuti "kwa apongozi, kutsidya, moyang'anana ndi sukulu". Akufuna nambala ya bokosi la positi.

Kwatsala sabata ndi masiku. Ndayesa kuganiza maina amene amalume angasankhe. Ng'ombe yawo yaikulu anaitcha Ndege.

Loweruka, 1 Epulo

Mvula.

Lolemba, 3 Epulo

Mvula sinakate chiyambire Loweruka. Madzi alowa m'makalasi, mabenchi takweza pamwamba pa anzake. Msewu wa ku Kaporo waduka, ndiye mafomu ali pano, ndawaika m'chitini cha mabisiketi kuti angavunde. Mtsinje ukumveka ndili m'nyumba.

Lachiwiri, 4 Epulo

Ndakwera pachulu. Kutsidya kuli madzi okhaokha, nthochi zikungooneka nsonga. Utsi palibe.

Lachitatu, 5 Epulo

Utsi palibe. Bwato silingawoloke. Sindinadye. Ndapita kwa Sajeni kukamuuza kuti madzi akangotsika ndiwoloka, andimange ndikabwerako. Anati sanamve, mvula ikusokosa padenga.

Mulungu, dzinalo ngakhale atche amalume. Ngakhale Ndege. Angokhala moyo.

Lachisanu, 7 Epulo

Dzulo sindinalembe.

Dzulolo m'mawa kutayera, Ambokile anatulukira pakhomo, matope mpaka m'mawondo. Ndisanafunse anati, "Wose wali makora, onse ali bwino. Tinathawira pachitunda cha tchalitchi." Ndinakhala pansi pakhonde ponyowa. Kenako ndinafunsa kuti bwato walipeza kuti.

"Ndabwera wapansi, mulamu."

Mtsinje unadula pa kakhosi kaja. Tsopano ukudutsa kuseri kwa mudzi wawo. Kumene unkayenda kale kwatsala matope, timadzi tofika m'akakolo, ndi ana akutola nsomba ndi manja.

Ndinavala malaya oyera, ndinatenga shuga ndi sopo zimene ndinasunga mwezi wonse, ndi kabuku kachikasu, sindikudziwa chifukwa chake. Pagombe lakale tinapeza Sajeni ataima, manja kumbuyo. Anayang'ana matopewo nthawi yaitali, kenako anatukula maso kuyang'ana kutali kumene madzi ofiira amaonekera kuseri kwa nthochi.

"Aphunzitsi, inu mumaphunzitsa ana. Malire a dziko lino kumpoto ndi chiyani?"

Ndinati mtsinje wa Songwe.

"Mtsinjewo uli kuti?"

Ndinaloza.

"Ndiye mukundiyang'aniranji? Munthu sapempha chilolezo poyenda m'dziko lake." Anavula nsapato, n'kupinda thalauza. Akuti anamuuza kuti azindiyang'anira, ndiye sangandisiye.

Pakhomo pa apongozi zinthu sizili bwino. Khitchini inagwa. Mpunga wonse wapita, mtsinje watsopano ukuyenda pakati pa munda wawo. Khola latsala ku Tanzania pamodzi ndi Ndege. Apongozi anali pamphasa, maso ofiira. Ndinagwada patali, ndinapereka moni ndi pepani m'Chinkhonde changa chothyokathyoka. Anayankha mawu ochepa. Yunike anamasulira: akuti ndachedwa, mpaka iwo achita kubwera okha ku Malawi.

Kenako Yunike anandiika mwana m'manja. Ndi wopepuka ngati mtolo wa makope. Makutu ndi angadi. Anatsegula diso limodzi, anandiona, sanachite nane chidwi, n'kugonanso. Apongozi anati dzina lidikire kaye ndipume, abale asonkhane.

Abale asanasonkhane, anafika ena. Anyamata awiri a chipani, malaya ofiira, nawonso matope m'miyendo, atanyamula makhadi m'pepala la pulasitiki. Nkhani inawapeza msanga. Anapereka moni mwaulemu, nati popeza mudzi uno tsopano uli m'Malawi, aliyense akhale ndi khadi. Sajeni anayang'ananso nsapato zake, zimene zinali m'manja.

Ndinagulira apongozi. Ndinagulira Yunike, Ambokile, ndi amalume amene. Mnyamata wolembayo analoza ndi cholembera m'manja mwanga.

"Nanga uyo?"

Ndinati ali ndi mwezi umodzi.

"Ndi munthu. Dzina?"

Yunike anandiyang'ana. Amalume anatsegula pakamwa, apongozi anawagwira mkono.

"Phoebe," ndinatero. Chimwalirire amayi, ndinali ndisanalitchulepo mokweza.

Mnyamatayo analemba, atatsamiritsa khadi pabondo. Apongozi anatambasula manja, ndinawapatsa mwana. Anamuyandikitsa kukamwa kwawo, n'kumuuza dzinalo m'khutu, kawiri, pang'onopang'ono.