Yamikani ndi chidole cha kuchipatala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno ku Simlemba tadzuka, kungoti alamu anu akudwala chifuwa.

Nkhani ndi ya mwana wanga Yamikani. Paja sayang'ana munthu kumaso, adokotala amati ndi otizimu. Lachiwiri kuchipatala anatitulutsira chidole chamagetsi, akuti loboti. Chimasintha nkhope, pena kuseka, pena kukwiya, pena kuopa, mwana n'kumatchula. Achimwene, mwana uja anachiyang'anitsitsa mpaka kuchigwira tsaya! Ine bambo wake sanandigwirepo choncho.

Dzulo tikusoka fodya m'chigafa anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa akuopa." Singano inandipulumuka m'manja. Amalume ake analipo, za chidolecho anali atamva kale, ndiye akuti, "Alamu, mwanayu mwamupereka kwa Satana eti? Loweruka ndikumutenga."

Mukudziwa kuti ana ndi akuchikazi, ine ndilibe mawu. Koma akapita kumudzi kwa amalume akewo, zakuchipatala zathera pomwepo. Chonde aimbireni foni amalumewo lisanafike Loweruka, inu amakumverani. Chimene chili m'kati mwa chidolecho sindikuchidziwa, nanenso chimandiopsa. Koma mwana wanga wayamba kundiona, asandilande pano.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Lameki