Paudala pa Mamba a Lamyai

Lachiwiri, 7 Juni

Lamyai wakananso khoswe. Kukamwa thovu, popuma kaphokoso ngati ketulo ikamayamba kuwira. Nsato yonse ija lero yangoti lambalala m'khola. Malemu amuna anga, a Boonlert, anamutola ali kamwana m'munda wa mpunga, wakulira m'nyumba muno. Ndiye ndatsala naye.

Pabwalo anthu ngati pamsika. Mwezi watha alamu anga a Samniang anamupaka paudala pamamba, ati anaonapo manambala, n'kupatadi pa lotale. Chiyambire pamenepo mudzi wonse uli pano. Aliyense kabotolo ka paudala, aliyense timitengo ta lubani. Kupaka, kusisita, kusuzumira. Utsi tolotolo, ine ndemwe kutsokomola.

Lachinayi, 9 Juni

Ndawauza kuti ndikupita naye kwa dokotala wa zinyama. Alamu kuchita kugwira pamtima. "Mlamu, mutu ukuyenda bwino? Iyi si njoka wamba, ndi mwini nthaka. Woyera sabayidwa jakisoni!" Ndati woyera wanuyo akutuluka mamina. Sanaseke.

A Prayong apaseliwa akaniza galimoto yawo, ati ingachite ngozi. Omwewo dzulo anagwada pakhola kupempha manambala. Wa ziweto wa kuno amadziwa njati ndi nkhumba basi, atangomva kuti nsato foni n'kudula.

Zawo izo. Njinga yamoto ndili nayo. Thumba la mpunga ndili nalo.

Loweruka, 11 Juni

Ku tauni ya Khon Kaen, Lamyai m'thumba, thumba kumsana. Msana wanga ine! Zipatala ziwiri za agalu zandibwezera pakhomo. Chachitatu ndapeza a dokotala Kanyarat, ochepa thupi koma opanda mantha. Amutsegula kukamwa, amupukuta m'mphuno, chala chawo mbuu. "Amayi, ufa wonsewu mukufuna kumukazinga?"

Chibayo. Paudala ndi utsi zamulowa m'chifuwa. Jakisoni, mankhwala otsukira kukamwa, malo ofunda. Paudala ayi, lubani ayi, manja a anthu ayi. Apo ayi sakhalitsa, atero mosabisa.

Ndalira njira yonse. Mkwiyo. Miyezi yonseyi tinali bwinobwino awiriwiri, ndipo anthu amene amamugwadirawo ndi amene akumupha.

Lolemba, 13 Juni

Geti ndakiya. Papaya wosinja amene ndimagulitsa lero palibe wagula ngakhale mmodzi. Ati ndine woumira, ndikufuna mwayi ndidye ndekha. Ndadyadi ndekha, papaya wake, tsabola wambiri.

Thovu lachepa. Wanditulutsira lilime pamene ndimamutsuka kukamwa. Anthu anene mpaka atope.

Lachitatu, 15 Juni

Mawa lotale. Ndinangothamangira kumsika. Pobwera loko wothyola, khola lotsegula, anthu unjiunji. Lamyai woyera thupi lonse ndi paudala, mutu wadzutsa m'mwamba, kukamwa yasa, kufuna mpweya. Wina n'kumati taonani akutidalitsa! Alamu patsogolo, foni m'manja, kujambula mamba.

"Inali njoka ya mchimwene wanga, ndili ndi gawo," atero.

Ndawathamangitsa ndi munsi wosinjira papaya. Onse, ndi akuluakulu omwe. Sindipepesa.

Ndamusambitsa ndi madzi ofunda. Kaphokoso kabwerera, kuposa kale. Loko wina ndingagule, koma lotale imabwera kawiri mwezi uliwonse, ndipo ine sindingakhale pageti moyo wonse.

Lachinayi, 16 Juni

Ndinapita naye kwa a dokotala. Ndabwerako ndekha.

A dokotala ali ndi mnzawo wosunga njoka kunja kwa tauni. Akachira azikakhala kumeneko. Malo ake sindiuza munthu.

Alamu ndawapeza pageti ndi gulu lawo. "Ali kuti?" Ndati komwe paudala wanu safika. Ati ndagulitsa mwayi wa mudzi, ati mchimwene wawo sangandikhululukire. Ndawauza kuti mchimwene wawo ankaweta njoka, osati manambala. Andilavulira malovu pafupi ndi phazi. Chabwino. Bola akupuma.

Koma nyumbayi kukula kwake lero. Ndingathe kukamuona Lamlungu lililonse, atero a dokotala. Pomusiya anadzikulunga pamkono panga, zolimba, wodwala yemweyo. A dokotala anati athandize, ndinakana. Ndinamumasula ndekha, pang'onopang'ono, kuyambira kumchira mpaka kumutu, n'kumusiya m'manja mwawo.