Mkazi Mnzanga wa Pepala

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Kuno ku Hyattsville tilipo. Mng'ono wanga Tadala anachira, mwana wamkazi, dzina lanu lomwe, Esnati. Nkhwani wanga wa m'zidebe pakhonde wachita bwino, mpaka ndikugawirako anzathu a ku Zambia a khomo linalo.

Koma Amayi, chiikireni maliro anu, ine ndalowa mitala. Mkamwini wanu, bambo a Chikondi, nkhalamba ina imene ankaisamalira ku Annandale inawapatsa ndalama yapepala yakalekale, ya masiku amene banki ya m'katauni kalikonse inkasindikiza dzina lake pa ndalama. Mabankiwo anatha, koma pali anthu amene amasaka ndalama zotere n'kumazigula modula. Lero mkamwini wanuyo anadzaza nazo buku lathunthu. Loweruka lililonse ali ku msika wa ndalamazo. Asanazikhudze amayamba asamba m'manja, n'kumazisuzumira ndi galasi lokulitsa. Akuti yamakwinya imatsika mtengo. Nanga ine wa ana atatu nditani?

Munkati nsanje ndi tsabola, ukaigwira usadzikande m'maso. Ine ndinadzikanda. Patsiku la ukwati wa mwana wa a Phiri ku Lanham, ndinasolola m'bukumo ndalama yawo yokondedwa, ya banki ya ku Virginia, n'kuiika m'chikwama. Itakwana nthawi ya perekaniperekani, ndinavina mpaka kutsogolo, ndinawayang'ana m'maso, n'kuiponya m'mwamba pamodzi ndi madola enawo.

Amayi, munthu wamkulu, wa suti, anakwawa pakati pa miyendo ya azimayi, akumupondaponda zala! Anthu anaseka, ankayesa ndi kavinidwe katsopano. Ine sindinaseke.

Pobwerera ndinayendetsa galimoto ndine. Ndinali nditakonzekera ndewu, mawu ali kale kukamwa, koma sanandikalipire ngakhale pang'ono. Anaiika pabondo, itang'ambika pakona, n'kumaisisita mwachifundo. Tili pamaloboti ndinamva akuinong'oneza kuti pepa.

Zaka zonsezi m'banja muno, mawu amenewo sanandiuzepo ine. Zinandipweteka kuposa mbama. Inu mkazi mnzanu munkatha kutukwanizana naye pachitsime. Nanga pepala ungalitukwane bwanji?

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Mvula isanayambe ndibwera kudzalambula pamanda anu, ndikulonjeza. Mukaona ndafika ndekha, musandifunse.

Ndine mwana wanu,
Agnesi